Chakudya cha mbale zambiri ndi vinyo wake muli kunja: mafunso ndi mayankho

Munthu amene amayenda kunja pa ntchito, ku misonkhano kapena kukaona abale, tsiku lina amaitanidwa ku lesitilanti yomwe menyu yake ilibe chosankha. Pamakhala mtengo umodzi, mndandanda wa mbale 8 kapena 10, ndipo pansi pake mtengo wina wa vinyo. Azungu amati tasting menu, Afalansa amati menu dégustation, ndipo vinyo wotsagana ndi mbale iliyonse amamutcha wine pairing. Zitsanzo zambiri m'munsimu tazitenga ku Western Cape m'dziko la South Africa, chifukwa ndi komwe ambiri a kuno amayambira kukumana nazo, koma pomwe ku Ulaya, ku America kapena ku Japan amachita mosiyana tanena. Chachikulu choti mudziwiretu n'chakuti mukangokhala pampando, zonse zili m'manja mwa ophika. Mphamvu zanu zili pa zimene mwakonza ndi kunena musanafike.

Kodi tasting menu ikusiyana bwanji ndi kuitanitsa chakudya mwa masiku onse?

Mwa masiku onse mumatsegula menyu, inu n'kusankha nkhuku, mnzanu nsomba. Pa tasting menu wosankha ndi shefu. Iye anakonzeratu chomwe chiyambe, chomwe chitsatire ndi chomwe chitsekere, ndipo aliyense m'lesitilantimo akudya zofanana. M'malo ambiri lamulo ndi lakuti tebulo lonse litenge menyu imodzi. Sikuti n'kuuma mtima. Kukhitchini amawerengera mphindi, ndipo sangathe kutulutsira mmodzi mbale 9 pamene mnzake akudikira imodzi.

Kuchuluka kwa mbale kumasiyana. Malo ambiri amapereka pakati pa 6 ndi 12. Wolfgat ya ku Paternoster, ya shefu Kobus van der Merwe, inatchuka ndi mbale 7 ndi mipando pafupifupi 20 yokha. The French Laundry ya Thomas Keller ku Yountville, California, imadziwika ndi mbale 9. Imene inapitirira muyeso inali elBulli ya Ferran Adrià kufupi ndi Roses ku Spain, yomwe inkatulutsa timbale topitirira 30 isanatsekedwe mu 2011.

Mbalezo zimabwera motsatana bwanji?

Zimayamba ndi zopepuka ndi zozizira, kupita ku zotentha ndi zamafuta, kutsiriza ndi zotsekemera. Mukangokhala pansi kumabwera tizakudya ta kamwa limodzi kapena awiri, totchedwa amuse-bouche, tomwe nthawi zambiri sitiwerengedwa pa mndandanda. Kenako buledi ndi batala. Ndiye chozizira, monga nsomba yaiwisi yothiridwa mandimu kapena masamba. Chotsatira ndi cha m'madzi chotentha, nsomba kapena nkhanu. Pena amaikapo kasupuni ka madzi oundana a zipatso kuti mkamwa muyere musanalowe ku nyama. Nyama ndiye pachimake: bakha, nkhosa, ng'ombe, kapena ku South Africa nyama ya m'tchire monga springbok. Zikatero tchizi, chotsekemera chopepuka, chotsekemera chenicheni, ndipo pomaliza timaswiti tobwera ndi khofi totchedwa petits fours.

Choncho pepala likati mbale 8, zobwera patebulo zimatha kufika 12 kapena 13.

Timbale take n'tochepa chonchi, munthu amakhuta?

Ili ndiye funso loyamba la munthu wokula ndi nsima, ndipo si lachibwana. Mbale yoyamba ikafika, ili ndi chakudya chokwana masupuni atatu pakati pa mbale yaikulu, mtima umatsika. Ngakhale nyama ya pachimake ija simapitirira kukula kwa theka la chikhatho. Koma werengani zonse pamodzi: mbale 10 za masupuni 3 mpaka 5, zambiri zili ndi batala, kirimu kapena msuzi wowiritsidwa mpaka kulimba, kuphatikizapo buledi ndi zotsekemera ziwiri. Ndiponso mukudya kwa maola atatu, nthawi yokwana kuti mimba iuze mutu kuti yadzaza. Ambiri amakhuta asanafike pa tchizi.

Kukhuta kwake n'kosiyana ndi kwa nsima, kolemera m'mimba kuja, ndiye pali ena amene amatuluka akumvabe kuti sanadye. Zolakwa zomwe zimachitikachitika ndi ziwiri. China n'kudzimana chakudya tsiku lonse kuti mukadye bwino madzulo: mumafika m'mimba muli gwa, tambula yoyamba ya vinyo imakwera kumutu nthawi yomweyo, ndipo mumamaliza buledi yense ndi wa mnzanu yemwe. China n'kudzaza mimba ndi buledi woyambayo chifukwa cha mantha, kenako nyama ikubwera mulibe malo. Idyani nkhomaliro yopepuka maola 5 kapena 6 musanapite, ndipo buledi musiyeko wina wokombezera misuzi ya mbale za m'tsogolo, chifukwa m'misuzimo ndi momwe muli ntchito yaikulu ya ophika.

Zimatenga nthawi yaitali bwanji?

Maola awiri ndi theka mpaka anayi. Musaike ndege, msonkhano kapena sitima pafupi ndi nthawi yothera. Ngati muli ndi malire a nthawi, nenani pobukitsa, osati pakati pa chakudya. Mukafuna kupita panja, pitani mbale itangochotsedwa ndipo muuzeko woperekera, popeza amaimitsa mbale ya tebulo lonse mpaka mubwere. Kuchedwa kufika nako n'koopsa: malo ambiri amadikira mphindi 15 kapena 20 zokha, kenako amadumphitsa mbale zina kapena kupereka tebulo kwa ena.

Ngati mwachokera ulendo wautali wa pandege, makamaka wosintha maola ngati wa ku America kapena ku Asia, musadye chakudyachi usiku woyamba. Mudzalipira ndalama zambiri kuti musinze pa mbale yachisanu. Wa ku Cape Town ulibe vutoli, nthawi ndi imodzi ndi ya ku Lilongwe ndi Lusaka.

Nanga wine pairing, vinyo wake amakhala wochuluka bwanji?

Apa ndi pomwe anthu amapusitsika. Katswiri wa vinyo wa m'lesitilanti, sommelier, amabwera mbale iliyonse isanafike, n'kuthira pang'ono mu tambula yatsopano, n'kufotokoza kuti ndi vinyo wanji. Amathira pakati pa 60 ml ndi 90 ml, pamene tambula yogula payokha imakhala 125 ml mpaka 175 ml, ndiye maso amaona ngati n'kulawa chabe.

Tiyeni tiwerengere. Matambula 8 a 75 ml ndi 600 ml, pamene botolo lonse ndi 750 ml. Vinyo wambiri ali ndi mphamvu ya 12% mpaka 14.5%. Titenge 13%: mu 600 ml muli 78 ml za mowa weniweni. Botolo la mowa la 330 ml la mphamvu ya 5% lili ndi 16.5 ml. Ndiye kuti mwamwa zofanana ndi mabotolo pafupifupi 5, osawerengera tambula ya thovu yomwe munalandira pakhomo ndi kachakumwa kaukali kotsekera. Vinyo wina wa kumapeto, monga port kapena sherry wotsekemera, amafika 17% mpaka 20%. Thupi limachotsa pafupifupi 10 ml za mowa pa ola, choncho pa maola atatu a patebulo lachotsa zosakwana theka.

Zochita n'zosavuta. Simukukakamizidwa kumaliza tambula iliyonse. Imwani kawiri katatu ndi mbale yake, yotsalayo aichotsa popanda kukhumudwa. Imwani madzi pafupifupi tambula imodzi pa matambula awiri alionse a vinyo. Funsani ngati ali ndi pairing ya theka, ya matambula 4 kapena 5, kapena ngati amalola anthu awiri kugawana imodzi. Ena amalola, ena ayi. Sommelier akaona kuti mwakonda vinyo wina amatha kuwonjezera osafunsa, ndipo kuika dzanja pafupi ndi tambula n'kunena kuti wakwana n'kololedwa. Ife tikuona kuti kwa anthu awiri osazolowera vinyo, matambula awiri kapena atatu osankhidwa ndi sommelier amaposa pairing yonse, m'thumba ndi m'mutu momwe. Pofika tambula yachisanu ndi chiwiri lilime la munthu wosazolowera silisiyanitsanso zambiri.

Amasankha bwanji kuti vinyo uyu apite ndi mbale iyi?

Sangoyang'ana mtundu, kuti woyera ndi nsomba, wofiira ndi nyama, ngakhale lamulo lakaleli lili ndi maziko. Amayang'ana zinthu zinayi.

Choyamba ndi kuwawasa. Vinyo wowawasa amagwira ntchito yomwe ndimu limagwira pa nsomba yokazinga: amatsuka mafuta mkamwa kuti supuni yotsatira ikome ngati yoyamba. N'chifukwa chake Champagne, Chablis kapena Sauvignon Blanc amabwera ndi zokazinga, za batala ndi za m'nyanja. Koma mbale ikakhala yowawasa kuposa vinyo, vinyoyo amamveka ngati madzi.

Chachiwiri ndi tannin, zinthu zochokera ku makoko ndi njere za mphesa komanso ku migolo ya thabwa. Ndi zomwe zimaumitsa mkamwa ngati mwaluma nthochi yosapsa kapena mwamwa tiyi wakuda wokhalitsa m'ketulo. Tannin imagwirana ndi mapuloteni. Mukamwa vinyo yekha imagwira malovu anu, mkamwa n'kuuma. Mukamwa ndi nyama yamafuta, vinyoyo amafewa. Cabernet Sauvignon ndi nkhosa zimagwirizana pa chifukwa chimenechi. Vinyo yemweyo ndi nsomba amatha kusiya fungo la chitsulo mkamwa.

Chachitatu ndi shuga. Vinyo ayenera kutsekemera kuposa chotsekemera cha m'mbale, apo ayi amamveka wowawa. Kutsekemera kumagwirizananso ndi mchere, ndiye musadabwe kuona Sauternes wotsekemera atabwera ndi tchizi cha Roquefort cha mchere wambiri. Kumaziziritsanso tsabola, pamene mowa wambiri umamukoleza. Wokonda kambuzi ayesere yekha: vinyo wofiira wa 14.5% pa ndiwo za tsabola amawotcha kukhosi, pamene Riesling wotsekemera pang'ono amatonthoza.

Chachinayi ndi kulemera: mbale yopepuka ndi vinyo wopepuka, kuti china chisameze chinzake. Kawirikawiri chotsogolera si nyama koma msuzi.

Kuti muone ngati zagwirizana, lawani vinyo yekha kaye, kenako chakudya, kenako vinyo kachiwiri. Ngati kumwa kwachiwiri kwasiyana ndi koyamba, sommelier wagwira ntchito yake.

Ku Cape ndingakumane ndi vinyo wanji?

Vinyo woyamba ku Cape anapondedwa mu February 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo munda wa Constantia anauyambitsa Simon van der Stel mu 1685. Franschhoek inakhazikitsidwa ndi Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo omwe anafika mu 1688, n'chifukwa chake minda yambiri kumeneko ili ndi mayina a Chifalansa.

Kawirikawiri pairing imayamba ndi Cap Classique, vinyo wa thovu wopangidwa mwa njira ya Champagne, yofufumitsa kachiwiri m'botolo momwemo. Woyamba anali Kaapse Vonkel wa ku Simonsig mu 1971. Pa zoyera mudzaona kwambiri Chenin Blanc, mphesa yomwe South Africa imalima kuposa dziko lina lililonse, ndi Chardonnay wa ku Hemel-en-Aarde kufupi ndi Hermanus, komwe kumachokeranso Pinot Noir wabwino. Pa zofiira, Syrah wa ku Swartland, Cabernet Sauvignon wa ku Stellenbosch, ndi Pinotage, mphesa ya konko yomwe Abraham Perold anaipanga mu 1925 pokweretsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Pinotage amagawanitsa anthu, wina kumukonda wina kumuda, ndiye musachite manyazi mukakhala mbali ya omuda. Potsekera, mukachita mwayi, Vin de Constance wa ku Klein Constantia, wotsekemera, wa mphesa ya Muscat.

Sindimwa mowa. Kodi ndidzaoneka wachilendo?

Ayi. Pairing siikakamizidwa, ndipo malo ambiri masiku ano ali ndi ina yopanda mowa: madzi a zipatso ndi masamba, tiyi wozizira, ku Cape rooibos, ndi zakumwa zowawasa zopanga okha. Mtengo wake ndi wotsikirapo. Chenjerani pa ziwiri. Zakumwa zofufumitsa monga kombucha zimakhala ndi kamowa kochepa kwambiri, ndipo vinyo wochotsedwa mowa amatha kutsala ndi mpaka 0.5%, choncho ngati chifukwa chanu ndi chipembedzo, funsani mwachindunji. Komanso matambula 8 a madzi a zipatso ndi shuga wambiri, zomwe wodwala shuga ayenera kuwerengera.

Nkhani yaikulu ili m'mbale. Misuzi yambiri amaiphika ndi vinyo kapena brandy, ndipo kuwiritsa sikuchotsa mowa wonse. Zotsekemera zina amathira mowa osaphika n'komwe. Msilamu kapena wa Seventh-day Adventist anenenso za nkhumba, chifukwa imabisala mu msuzi wa mafupa, m'mafuta ophikira ndi mu gelatine wolimbitsira zotsekemera, ndipo wa Adventist atchule nkhanu ndi zina za zigoba. Kuchotsa nkhumba sikusandutsa khitchini kukhala ya halaal. Ngati mukufuna nyama yozingidwa mwa Chisilamu, funsani, ndipo akakana sankhani menyu ya nsomba kapena ya masamba.

Thupi langa limadana ndi zakudya zina, kapena ndili pa mankhwala. Ndinene liti?

Pobukitsa, molemba, ndipo mubwereze pamene woperekera akufunsani mutangokhala pansi. Malo ambiri amafuna kudziwa maola 48 kapena 72 tsiku lisanafike. Chifukwa chake n'chakuti msuzi wa lero anayamba kuuphika dzulo kapena dzana. Mukanena muli patebulo kuti simudya batala, palibe chomwe angachotse mu msuzi wophikaphika, angokupatsani mbale youma. Malo ena amalemba poyera kuti sangathe kukonza chakudya chopanda mkaka, adyo kapena anyezi, ndipo ndi bwino kumva zimenezi musanalipire.

Siyanitsani pakati pa chomwe chimakudwalitsani ndi chomwe simuchikonda. Mukati mtedza umakutupitsani kukhosi, amatsuka mipeni, matabwa ndi mapoto mwapadera. Kunamizira matenda pa chinthu chomwe simuchikonda chabe kumawatopetsa pachabe, ndiye mungonena kuti simuchikonda. M'mayiko a European Union ndi ku Britain malo odyera amakakamizidwa ndi lamulo kukuuzani ngati chakudya chili ndi china mwa zinthu 14 zodziwika kuti zimadwalitsa anthu, monga mtedza, mazira, mkaka, nsomba, nkhanu, tirigu ndi soya. Ngati simuyankhula chinenero cha dzikolo, lembani pa kapepala m'chinenerocho.

Mayi woyembekezera anene, kuti amuchotsere nsomba ndi nyama yaiwisi, tchizi chofewa cha mkaka wosawiritsa ndi za chiwindi. Amene akumwa metronidazole, yomwe ambiri timaidziwa kuti Flagyl, asakhudze mowa mpaka patadutsa maola 48 atamaliza mankhwala. Wobaya insulin akumbukire kuti mbale zoyamba zilibe zokhutitsa kwenikweni ndipo shuga yense ali kumapeto, choncho akambirane ndi dokotala wake za nthawi yobayira asananyamuke.

Kubukitsa kumayenda bwanji?

Pa intaneti. Ku South Africa ambiri amagwiritsa ntchito Dineplan, ku Ulaya TheFork kapena tsamba la lesitilanti lenilenilo, ku America Tock, Resy ndi OpenTable. Malo otchuka monga La Colombe ku Constantia kapena FYN mu mzinda wa Cape Town amadzaza milungu ingapo tsiku lisanafike, makamaka kuyambira December mpaka February. M'nyengo yozizira, May mpaka August, malo amapezeka mosavuta ndipo ambiri amatsitsa mitengo, koma ena amatseka kwa milungu ingapo. Ku France ambiri amatseka mu August, ndipo Lamlungu ndi Lolemba ndi masiku omwe malo otere amakonda kupuma kulikonse.

Adzafuna nambala ya khadi la ku banki kapena dipoziti, ena mtengo wonse. Werengani lamulo lolepherera. Mukalephera kubwera osanena pa nthawi yake, amadula ndalama pa munthu aliyense, ngakhale ndege yanu itachedwa. Mukabukitsa anthu 4 n'kubwera 3, wachinayiyo mulipirira.

Chakudya cha masana nthawi zambiri n'chotsika mtengo, mbale zochepa koma ophika omwewo. Kwa woyamba kumene, ndi poyambira pabwino, ndipo m'minda ya mphesa mumaonanso mapiri omwe usiku simukanawaona.

Bilu imakwera bwanji kuposa mtengo womwe ndinaona?

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti muone kakweredwe kake. Chakudya R2,000 munthu mmodzi. Pairing R1,200, popeza nthawi zambiri imakhala theka la mtengo wa chakudya kapena kuposerapo. Tambula ya thovu yomwe anakufunsani mwaulemu mutangofika, R200, chifukwa si yaulere pokhapokha atanena. Madzi a m'botolo ndi khofi, R150. Mbale yowonjezera ya truffle (bowa wodula womera pansi pa nthaka), caviar (mazira a nsomba odula) kapena ng'ombe ya wagyu (mtundu wa ku Japan), R450. Zafika R4,000, ndipo tipi ya 12% ndi R480 ina. Chomwe munaona ngati R2,000 chatha pa R4,480, anthu awiri pafupifupi R9,000.

Mawu oti muwatchere khutu ndi supplement, kutanthauza ndalama yowonjezera pa mtengo wa menyu. Woperekera akafunsa ngati mungakonde truffle pa mbale yanu, funsani mtengo, amazolowera funsoli. Malo ena ali ndi pairing ziwiri, wamba ndi ya vinyo wakale wodula, ndiye tchulani bwino yomwe mukufuna. Ku France ndi ku Britain mungapemphe madzi a pampopi aulere. Ku Italy mudzaona coperto, kandalama ka mpando ndi buledi. Ku America msonkho sukhala pa mtengo wolembedwa, umawonjezeredwa pa bilu.

Kwa wa khadi la banki ya ku Malawi pali chinanso. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, makhadi amakhala ndi malire a zomwe mungagwiritse ntchito kunja. Pitani ku banki musananyamuke, muwauze dziko ndi masiku, mufunse malire a tsiku limodzi, ndipo mukhale ndi njira yachiwiri yolipirira. Malo ena salandira ndalama za m'manja n'komwe. Makina akakufunsani ngati mulipire mu ndalama ya dzikolo kapena mu madola, sankhani ya dzikolo, chifukwa kusintha kwa makinawo kumadula.

Tipi ndipereke zingati?

Ku South Africa 10% mpaka 15%, ndipo pa gulu lalikulu amaiikiratu pa bilu. Ku London malo ambiri amawonjezera okha 12.5%, ena 15%, mukaiona musaperekenso. Ku France ili kale mu mtengo, mungangosiya kochepa mukakondwa. Ku America 18% mpaka 20% kapena kuposa, pokhapokha atalemba kuti ili kale m'kati. Ku Japan osapereka n'komwe. Kulikonse, werengani bilu musanalembe nambala, kulipira kawiri kumachitika kwambiri pambuyo pa matambula 8 aja.

Vinyo akamveka ngati wowonongeka ndingabweze?

Inde, ngati wawonongekadi. Pa pairing sommelier amakhala atalawa kale botolo, koma zimamudutsa nthawi zina. Vuto lodziwika kwambiri limachokera ku chitsekerero cha botolo: vinyo amanunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda chachinyezi chotsekedwa nthawi yaitali, ndipo fungo la zipatso limazimiririka. Sadwalitsa, koma sakoma. Lina ndi la mpweya, botolo likakhalitsa lotsegula: woyera amada, amanunkha ngati apozi wodulidwa dzulo, pena ngati viniga. Tizidutswa tonga shuga pansi pa tambula kapena nsenga za vinyo wofiira wakale si vuto.

Musati ndi woipa. Mupempheni sommelier kuti amununkhize, iye aweruza ndipo atsegula botolo lina osakulipiritsani. Dziwaninso kuti vinyo wina amapangidwa dala kuti amveke choncho, monga sherry kapena vinyo wa mtundu wa lalanje wofufumitsidwa ndi makoko. Ngati sanawonongeke koma simunamukonde, nenani zoona. Pa pairing nthawi zambiri amasintha, ndipo zimamuthandiza kusankha zotsatira.

Vinyo wofiira akabwera wozizirako si kulakwitsa. Amayenera kukhala pa 15 mpaka 18 digiri, osati kutentha kwa Chikwawa mu October. Woyera 8 mpaka 12, wa thovu 6 mpaka 8.

Ndivale chiyani, ndipo mafoloko onsewa ndiwatani?

Yang'anani pa tsamba lawo. Ku Cape malaya a kolala ndi thalauza labwino, kapena diresi, zakwana. Malo ochepa a ku Paris ndi London amafunabe jekete. Musadzithire perefyumu wambiri, amaphimba fungo la vinyo kwa inu ndi matebulo oyandikana.

Za mafoloko musade nkhawa, amabweretsa atsopano pa mbale iliyonse. Akakhala angapo, yambirani a kunja. Buledi wanu ali kumanzere, matambula kumanja. Tambula igwireni pa mwendo kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Tizakudya toyamba tambiri n'todya ndi manja, ndipo adzakuuzani. Apa ife ndife akatswiri kale. Mukapanda kumva zomwe woperekera wafotokoza, mufunseni abwereze, ndiyo ntchito yake.

Mbale ina ikandikanika?

Lawani kamodzi n'kusiya. Adzafunsa ngati panali vuto, ndipo kuyankha kuti simunachizolowere n'kokwanira. Mukaona kuti mbale ziwiri zotsatana zakukanikani pa chifukwa chimodzi, mwachitsanzo nsomba yaiwisi kapena nyama yofiira m'kati, nenani msanga kuti zotsatirazo azipsetse.

Nyenyezi za Michelin zikutanthauza chiyani, nanga bwanji za ku Cape zilibe?

Buku la Michelin linayamba mu 1900 ku France ngati kalozera wa oyendetsa galimoto wa kampani ya matayala. Nyenyezi anayamba kupereka kwa malo odyera abwino mu 1926, ndipo dongosolo la imodzi mpaka zitatu linabwera mu 1931. Oyendera ake amapita m'mayiko ndi mizinda yomwe bukulo lasankha yokha, choncho kusowa nyenyezi nthawi zambiri kumangotanthauza kuti sanafikeko. Ophika a ku South Africa anazipezera kunja: Jan Hendrik van der Westhuizen analandira yake mu 2016 pa lesitilanti ya JAN ku Nice. Kwawoko anthu amayang'ana mphoto za Eat Out, ndipo Wolfgat ija inasankhidwa kukhala lesitilanti ya chaka pa World Restaurant Awards ku Paris mu 2019.

Ndabwereka galimoto. Ndingayendetse pobwerera?

Mutatenga pairing, ayi. Malire a mowa kwa woyendetsa galimoto ku South Africa ndi 0.05 g pa 100 ml za magazi, chimodzimodzi ku France ndi ku Scotland, ndipo matambula awiri enieni amatha kukufikitsani pamenepo. Pa mawerengero aja, mowa umakhalabe m'magazi maola angapo mutachoka patebulo, ndiye ulendo wa m'bandakucha wopita ku bwalo la ndege nawo muuganizire. Khofi sachotsa mowa.

Konzani wokutengani musanapite. Mu mzinda wa Cape Town Uber ndi Bolt zimapezeka, koma m'minda ya ku Franschhoek, pafupifupi ola limodzi kuchokera mumzinda, kapena ku Paternoster komwe ndi maola awiri, usiku zimasowa. Gonani pafupi, kapena pemphani lesitilanti pobukitsa kuti ikupezereni dalaivala.

Ndakonda vinyo wina. Ndingabwere naye kwathu?

Jambulani chizindikiro cha botolo pa foni, chaka chake chioneke, kapena pemphani mndandanda wa zomwe mwamwa. Malo ambiri amaupereka pamodzi ndi menyu. Musagule m'lesitilanti, komwe mtengo ndi kawiri kapena katatu. Pitani ku munda komwe amapanga kapena ku shopu ya vinyo. Mabotolo alowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege, chifukwa m'chikwama cha m'manja malo ambiri salola zamadzi zoposa 100 ml. Botolo limodzi limalemera 1.2 kg mpaka 1.5 kg, ndiye 6 adya pafupifupi 8 kg pa katundu wanu. Kulungani lililonse mu pulasitiki ndi zovala, pakati pa sutikesi, osati m'mphepete. Musananyamuke funsani a MRA, kapena a ZRA ngati mukubwerera ku Zambia, kuchuluka komwe mungalowe nako opanda msonkho, ndipo zoposerapo muzinene pofika. Kunyumba goneketsani mabotolo a chitsekerero cha khungwa pamalo amdima ndi ozizira kwambiri m'nyumbamo, kutali ndi khitchini ndi denga la malata, ndipo ngati nyumba ndi yotentha musawasunge kupitirira miyezi ingapo.